Khadi la a Gidiyoni, wopalasa bwato pa Msandile

Ana anga, Tisa ndi Madalitso, ndi inu adzukulu amene mudzawerenge izi ine nditagona: za ubwana wanga ku Kawaza mwazimva kokwanira kwa amalume anu, ndipo iwo amazikometsa kuposa ine. Pano ndilemba za ntchito yokha. Ndalemba m'Chinyanja chifukwa Chikunda chanu chinatayikira mu Chipata, ndipo sindikufuna kuti mudzasowe womasulira kuti mumve amayi anu.

Zaka za taipulaita, ku Jumbe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa ofesi ya mpingo wina ku Jumbe, nditangomaliza kosi yotaipa. Abwana anga anali abusa a Daka, munthu wamtali wosakonda kubwereza mawu. Tsiku loyamba anandionetsa taipulaita yakuda yolemera ngati mtondo, ndi makina opukusa ndi dzanja amene tinkasindikizira mapepala a nyimbo ndi zolengeza za pa Sabata. Kuti pepala lituluke, ndinkayamba kutaipa pa sitensulo, kapepala kopyapyala kamene zilembo zinkaboola. Ukalakwitsa chilembo chimodzi, unkapaka mankhwala ofiira pabowopo, n'kuuzira mpaka aume, n'kutaipanso. Mankhwalawo akatha, ndipo ankatha kawirikawiri, ndinkapaka utoto wanga wa m'zikhadabo. Riboni ikauma tinkaidonthezera palafini kuti itulutse inki yotsala, mwakuti makalata a mpingo ankanunkha ngati nyali. Mapepala akasowa tinkatembenuza akale. Mkhristu wina analandirapo pulogalamu ya ukwati wake kuseri kuli dongosolo la maliro a chaka chapitacho, ndipo apongozi ake sanandipatse moni kwa nthawi yaitali.

Abusawo sankakalipa. Tsiku lina ndinalemba Njovu m'malo mwa Njobvu pa mndandanda wa obatizidwa. Iwo anabwera ndi pepalalo, naliika pa tebulo langa mofatsa, nati, "Mwana wanga, chiganizo ukachilakwitsa anthu amaseka n'kuiwala. Dzina la munthu ukalilakwitsa, mwini wake amapita nalo kumanda akudandaula. Taipanso." Ndinataipanso tsamba lonse, zala zikuwawa, mumtima ndikuwanena. Patapita nthawi m'pamene ndinazindikira kuti kosi yanga yeniyeni inayamba tsiku limenelo.

Zaka za thonje, ku Nsefu

Nditakwatiwa ndi atate anu, amene anali sikauti woyang'anira nyama, anawatumiza ku kampu ya ku Nsefu, ndipo ine ndinapeza ukalaliki pa depoti yogulira thonje. Inali ntchito ya fumbi ndi mikangano ya pa sikelo. Masaka ankachedwa, alimi ankagona pa mabelo awo kudikira galimoto, ndipo abwana athu a Tembo ankathawira kuseri kwa shedi n'kundisiya ine kuti ndiyankhe anthu okwiya. Sindiikumbukira ndi chikondi. Chimene ndikufuna mudziwe cha zaka zimenezo ndi mtsinje. M'chilimwe Msandile ndi mchenga wokhawokha, munthu umawoloka ukukankha njinga. Koma mvula ikagwa kumtunda, madzi amabwera mwadzidzidzi, ofiira, atanyamula mitengo yathunthu, ndipo Nsefu yense amatsekeka. Nthawi imeneyo mchere, mankhwala, aphunzitsi, odwala, ngakhale maliro, zonse zinkadutsa m'bwato la a Gidiyoni Chulu.

A Gidiyoni anali munthu wamfupi, wopendekera kumanzere. Ali mnyamata mvuu inagubuduza bwato lawo n'kuwathyola chiuno, ndipo fupa linalumikizana mokhota. Pamtunda ankayenda movutika, ngati bakha. Koma akaima kumbuyo kwa bwato, nsungwi yaitali yokankhira ili m'manja, kupendekera kuja kunkaoneka ngati ndiko kuima koyenera, ife owongoka ndife tinalakwitsa. Sankalola kujambulidwa. Alendo obwera kudzaona nyama akaloza kamera, iwo ankatembenuka. Ankati, "Nkhope yanga ndimaiona m'madzi tsiku lililonse, inandikwana."

Iwe Tisa, unayamba kugogoda m'mawa wina pakati pa dzinja, atate ako ali m'tchire pa ntchito. Azamba a m'mudzi anandigwiragwira pamimba nati mwana wagona chopingasa, izi n'za kuchipatala. Anandinyamula mpaka pa doko. Mtsinje unali utafika m'mizu ya mikuyu, ukulira ngati galimoto yokwera phiri. Anthu amene anali pagombe ankati tidikire madzi atsike. A Gidiyoni anayang'ana mtsinje, nayang'ana ine, nauza azamba aja, "Mugonekeni pakati, mutu uloze kutsogolo, kuti azindiona." Kenako anaweramira kwa ine nati, "Mwanawe, madzi ndi anga, usawayang'ane. Iwe yang'ana ine."

Ndinawayang'ana. Ulendo wonsewo, bwato likuvina, zitsa zikutiphonya pang'onong'ono, sindinachotse maso pankhope pawo. Ndinaona diso lawo lamanzere lochepa kuposa linzake, chipsera chodula nsidze pakati, mphuno yophwatalala, ndi mlomo wam'munsi umene ankauluma akamakankha. Sanayankhulenso mpaka bwato linagunda mchenga wa tsidya. Pomwepo anati, "Wafika. Akabadwa udzandionetse." Ndinakawaonetsa uli wakhanda. Anakugwira kaphazi ndi zala zawo zokhakhala nati, "Aka sikadzalipira pa doko pano moyo wake wonse."

Zaka za kompyuta, ku Mfuwe

Atate anu atasamutsidwira ku Chinzombo ndinakhala pakhomo zaka zingapo, kukulerani ndi kulima. Kenako a Zulu, amene anali atatsegula kashopu kofotokopa ndi kusindikiza pafupi ndi msika wa ku Mfuwe, anamva kuti kuli mayi wodziwa kutaipa. Ndinapita imvi zitayamba kale. Ndinawauza poyera kuti kompyuta sindinaigwirepo. Iwo anaseka nati, "Amake Tisa, zala muli nazo kale. Chatsala n'kuchotsa mantha."

Anandikhazika pampando natsegula pulogalamu yoyalira masamba. Pa sikirini panaoneka tsamba loyera. Anandigwiritsa kambewa, kachida kolozera pa sikirini, nati ndijambule bokosi, ndilembemo dzina langa. Ndinalemba. Anati ndilikoke ndilipititse pakona. Linapita. Ndilikulitse. Linakula mpaka kudzaza tsamba lonse. Kenako mwadala anafufuta zonse. Anadina mabatani awiri, dzina langa n'kubwerera pamalo pake ngati silinachokepo. Ndinkaganiza za masana onse amene ndinathera kuuzira sitensulo ngati munthu wokoleza moto wa nkhuni zaziwisi.

"Ndiye kuti cholakwa chimabwezeka?" ndinafunsa.

"Muno mokha, amake Tisa," anatero a Zulu akugogoda kompyutayo. "Kunja kuno ayi."

Ndinaphunzira pang'onopang'ono kuti khadi laling'ono ndi lovuta kuposa chikwangwani. Malo ake ndi ngati chikhatho, koma achibale amafuna kulowetsamo zonse: chithunzi, vesi, nyimbo, mayina a ana ndi adzukulu. Ndinaphunzira kusiya mpata m'mphepete kuti mpeni wodulira usadye zilembo, ndi kupyoletsa chithunzi pa mzere wodulira kuti pasatsale kamzere koyera. Ndinaphunziranso kuti chimene chikuwala pa sikirini chimatuluka chakuda pa pepala, makamaka nkhope zathu, choncho uyenera kuziwalitsa pang'ono usanasindikize, apo ayi munthu amatsala mano okha. Zosowa zinali zomwe zija, zitangosintha mayina. Inki inkachokera ku Chipata pa basi, malaiti ankapita ntchito ili pakati, ndipo kutentha kwa chigwa chino kunkapinda mapepala mpaka pulinta kukana kuwameza.

Tinkapanga makhadi a ukwati, a ubatizo, a omaliza sukulu. Koma amene ndinkawagwira ndi manja awiri anali a chikumbutso cha omwalira, ogawidwa tsiku lovundukula chiliza, mwala wa pamanda uja. Makhadi ena amathera kukolezera moto. Awa amalowa m'Baibulo, ndipo amakhalamo kuposa mwini Baibuloyo. La atate anu ndinalipanga ndekha. A Zulu anafuna kundilandira ntchitoyo, ine ndinakana. Ndinakulitsa nkhope yawo mpaka kudzaza sikirini, ndipo ndinaona timakwinya timene sindinationepo zaka zonse zimene tinagona mphasa imodzi. Kuyambira pamenepo makina aja ndinkawaopa ndi kuwalemekeza nthawi imodzi.

Okutobala wa chaka changa chomaliza pa ntchito

Masana ena, kukutentha moti ngakhale agalu a pa msika anasiya kuuwa, m'shopu munalowa mayi wovala yunifomu ya ochapa zovala pa loji ina yogona alendo ya ku Chinzombo.

"Mwaswera bwanji, amama?"

"Ndaswera bwino, kaya inu?"

Anati dzina lake ndi Esinati, mwana wa a Gidiyoni Chulu a ku Nsefu. Atate ake anamwalira chaka chapitacho m'nyengo yozizira, ndipo Loweruka la sabata yotsatira banja linali kuvundukula chiliza. Ine za imfayo ndinazimva mochedwa, maliro atapita kale, ndipo zinkandiwawa.

"Chithunzi muli nacho?" ndinafunsa, yankho ndikulidziwa kale.

"Chitupa chawo chokhala ndi chithunzi chinapita ndi madzi osefukira limodzi ndi nyumba yakale. Koma taonani ichi."

Anatulutsa chithunzi cha mtsinje. Anati mlendo wina amene anabwera m'dzinja zaka zapitazo anatumiza zithunzi ku loji, ndipo ichi chinapachikidwa m'kanjira kopita kukhitchini. Iye ankachidutsa tsiku ndi tsiku atasenza nsalu, osaona kanthu, mpaka tsiku lina atate ake atamwalira anaima n'kuyang'anitsitsa. Chinali chithunzi cha Msandile atadzaza, mitambo yakuda pamwamba, kuwala kwa dzuwa kukudutsa pansi pake. Pakati pa madzi panali bwato, ndipo kumbuyo kwa bwatolo kunali kamunthu kopendekera kumanzere, mutu wake wosaposa njere ya mapira.

Ndinachiika mu sikana, makina olowetsa chithunzi mu kompyuta. Nditachikulitsa pa sikirini, mtsinje unakula, bwato linakula, koma nkhope inasweka n'kukhala timabokosi tofiirira ndi takuda, ngati mkeka woluka. Munalibe diso, munalibe mphuno. A Zulu anali atangoika pulogalamu yatsopano imene anthu ankati imayeretsa zithunzi zakale, ndipo anati tiyese. Kamzere kanayenda pa sikirini kuchoka kumanzere kupita kumanja, ndipo m'mene kadutsa timabokosi tija tinkasanduka khungu. Panatuluka chipumi, maso awiri owala, mphuno yowongoka, ndevu zaimvi zometedwa bwino, ngakhale timizere ta m'mbali mwa maso. Ndaonapo njovu zikuwoloka Luangwa ana ali pakati, ndaonapo dzuwa likuda masana, koma sindinaonepo munthu akubadwa m'timabokosi ali ndi imvi kale. Anali munthu weniweni, woti ukhoza kumugwadira n'kumupatsa moni. Koma sanali a Gidiyoni.

Esinati anayang'ana nthawi yaitali. "Afananako," anatero motsitsa mawu. "Achimwene akufika mawa kuchokera ku Lusaka. Iwo ndiwo anene."

Achimwene akewo, a Lazaro, anali mwana woyamba. Amalume awo anawatenga ali aang'ono kuti akaphunzire m'tauni, ndipo kumudzi ankabwera mwa apo ndi apo. Atalowa m'shopu, a Zulu anawaonetsa khadi limene ndinali nditayala monga mwa masiku onse: nkhope ija mkati mwa chozungulira ngati dzira, mitambo kumbuyo, dzina pansi. Bambo wamkulu uja anakhala pa benchi, navula magalasi, nalira osabisa.

"Amayi, simukudziwa chimene mwandichitira," anatero. "Chaka chonse ndakhala ndikutseka maso kuti ndiwaone, koma chimene chimabwera ndi msana wawo wokha. Ndinayamba kudziona ngati mwana woipa. Lero mwandibwezera atate anga."

Iwo atatuluka kukaonana ndi omanga chiliza, a Zulu anati, "Mwamva nokha. Sindikizani malaiti asanapite."

"Abwana, si iwo."

"Mukutsimikiza?"

"Diso lawo lamanzere linali laling'ono. Nsidze inali yoduka. Uyu makina amupeka."

A Zulu sanali munthu wachinyengo, ndipo zimene anayankha zinali ndi nzeru zake. "Amake Tisa, ife si apolisi. Anthu amabwera kuno ndi chisoni, ife timawapatsa choti agwire. Munthu walira ndi chimwemwe pamaso panu. Mukufuna mumulande atate ake kachiwiri? Ndiponso akakwiya, Mfuwe yense adzamva kuti pa shopu ya Zulu amanyoza anamfedwa."

Ndinapempha kuti andipatse masana amenewo okha. Ndinakhala pa kompyuta manja ali pamiyendo. Ndinaganiza za khadi lija likulowa m'Mabaibulo a Nsefu yense. Akuluakulu amene anawadziwa a Gidiyoni adzapukusa mitu mwakachetechete, kenako adzamwalira. Adzukulu adzatsala ndi nkhope ya munthu amene sanapondepo pansi pano, n'kumafunafuna mphuno zawo pa mphuno yake. Koma ndinaganizanso za misozi ya a Lazaro, ndipo sindinkadziwa ngati ine, mlendo m'banjamo, ndili ndi mphamvu yoikhudza. Mwina chifundo chinali kukhala chete. Ndinali pafupi kupuma ntchito, ndikanatha kusindikiza n'kupita kwathu ndi mtendere ndi aliyense. Chimene chinandikankha pamapeto n'chakuti munthu uja anandiuza kuti ndimuyang'ane, ndipo ndinamuyang'ana. Zimene ndinaona tsiku limenelo sindikanatha kuzikana.

Ndinatsegula tsamba lina n'kuligoneka chopingasa. Ndinachotsa dzira lija ndi mitambo ya mu kompyuta, ndipo ndinayala chithunzi cha mlendo chija kudzaza khadi lonse mpaka kupyola m'mphepete. Ndinachikulitsa pang'ono pokha, mpaka pamene bwato linkaoneka bwino koma lisanayambe kusweka. Ndinawalitsa madzi kuti thupi lawo ndi nsungwi zioneke zakuda bwino pamwamba pake. Dzina ndinaliika pa mitambo yeniyeni ija ndi zilembo zoyera zazing'ono. Vesi ndi mayina a ana ndinazipititsa kuseri. Ndinasindikiza limodzi la nkhope ndi limodzi la mtsinje.

A Lazaro atabwerera ndinawapempha kuti tikakhale panja, pansi pa mtengo wa mango.

"Bambo, mundikhululukire. Nkhope ija si ya atate anu. Makina aja saona chimene chinalipo. Amangopeka nkhope yoti ikwane pamalopo."

Anandiyang'ana ngati ndawamenya khofi. "Inu mumawadziwa atate anga kuposa ine?"

"Iyayi, bambo. Inu ndinu magazi awo. Ine ndinangowayang'ana tsiku limodzi, koma ndinawayang'ana ngati munthu woti akacheuka afa."

Ndinawafotokozera za tsiku lako lobadwa, Tisa. Anamvetsera akuyang'ana pansi, nsagwada zili gwa. Nditatchula chipsera cha pa nsidze, dzanja lawo linapita lokha pa nsidze yawo.

"Nsungwi inathyoka n'kuwalasa," anatero ngati akudziuza okha. "Ndinkachigwira ndili pamiyendo pawo." Kenako mawu awo anaumanso. "Komabe sindingatengere zanu zokha. Mawa tipite kwa amayi."

Tinapita m'mawa mwake pa galimoto yawo, Esinati ali nafe. Pa Msandile tinatsika chifukwa mchenga unali wakuya, ndipo tinawoloka pansi. Pamene ndinadutsa ndikubuula m'bwato panali ng'ombe zitagona, ndi amayi akukumba chitsime mumchenga. Bwato lenilenilo tinalipeza tsidya, litavundikiridwa pansi pa mkuyu, litang'aluka ndi dzuwa. A Lazaro analigwira podutsa koma sanaime.

Amayi awo, amake Lazaro, tinawapeza pakhonde akusenda mtedza. Ankayankhula Chikunda chokhachokha, ndiye ndikumasulirani. Titapatsana moni, mwana wawo anagwada n'kuwapatsa khadi la nkhope lija osawauza kuti ndi la ndani. Analitalikitsa, naliyandikiza, nalipendeka kuti dzuwa liwalepo.

"Munthu wooneka bwino," anatero. "Ndi abusa atsopano?"

Esinati anaphimba pakamwa ndi chitenje. A Lazaro anatulutsa lachiwiri. Gogo uja analiona lidakali m'manja mwa mwana wawo, ndipo asanalilandire anayamba apukuta manja awo pa chitenje, mbali zonse ziwiri. Analigwira nthawi yaitali. Nkhuku zinabwera kudzajompha mtedza m'lichero, palibe anaziingitsa. Kenako anaika chikhadabo pa kamunthu kaja, nayankhula mofatsa, ngati akuuza munthu amene wakhala pambali pawo.

"Nanga inu, madzi onsewa, simukanadikira kuti atsike?"

A Lazaro ananyamuka n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Tinawasiya. Atabwerako maso ali ofiira, anati kwa ine, "Musindikize la mtsinje. Linalo mulifufute, ndi mu kompyuta momwe."

"Osasungako limodzi lanu lokha, bambo?"

"Ayi. Ndikalisunga ndidzalizolowera."

Nditawauza a Zulu, analitenga khadilo n'kulitembenuzatembenuza. "Khadi la chikumbutso lopanda nkhope," anatero. "Zaka zonsezi sindinalipangepo." Sanandiyamike ndipo sanandikalipire. Mitambo yakuda ija inkamwa inki ngati ng'ombe ya ludzu, ndipo anaitanitsa ina ku Chipata osadandaula. Pulinta ikatentha tinkaipumitsa n'kuipepesa ndi katoni. Podula anakana kuti ndidule ine. Anaima okha pa mpeni, akuyeza mtolo uliwonse kawiri, kuopa kudula nsonga ya nsungwi.

Loweruka lija ku manda kunali anthu ngati kumsonkhano. Kunabwera aphunzitsi opuma, masikauti anzawo a atate anu, alimi a thonje amene ndinkakangana nawo pa sikelo, ndi amayi ambiri onga ine, ena atabwera ndi ana awo aakuluakulu obadwira tsidya. Iwe Tisa unalephera kuchoka kuntchito, khadi lako ndinakusungira. Abusa atapemphera ndipo nsalu itachotsedwa pa chiliza, Esinati ndi azibale ake anayamba kugawa makhadi. Ine ndinaima kumbuyo, kudikira kuti wina afunse kuti nanga nkhope ili kuti. Palibe anafunsa. Phokoso linkazima m'mene makhadi akudutsa, mzere ndi mzere, ngati moto wothiridwa madzi. Ndinkangomva manong'onong'o: ndi iwo, ndi iwo ndithu, taonani kaimidwe. Mayi wina pafupi ndi ine anaonetsa mwana wake wamwamuna wandevu nati, "Iwe unali apa, pakati pa bwato, m'mimba mwanga."

Pamenepo mkulu wina wa asodzi, a Mwale, mnzawo wa malemu kuyambira ubwana, anakweza khadi lawo m'mwamba nati, "Amake Lazaro, tatiuzeni. Apa akupita tsidya kapena akubwera?"

Anthu anayamba kutsutsana. Ena ankati onani kumene nsungwi yaloza, ena ankati mitengo iyo ndi ya gombe la uko. A Lazaro anacheukira kwa ine n'kufunsa ngati kompyuta ingathe kudziwa. Ndinati singathe. Amayi awo anali atakhala pa mkeka pafupi ndi chiliza, ndipo sanachite kuyang'ananso khadilo.

"Akubwera," anatero. "Simukuona kuti kumutu kulibe kanthu? Popita ankavala chipewa. Pobwera chipewacho chinkakhala pansi m'bwato, muli kanthu kanga. Kaya bowa, kaya mango, kaya tinsomba tiwiri. Zaka zonse zimene ndinakhala nawo sanafikepo pakhomo chipewa chili kumutu."

A Lazaro anayandikiza khadi kumaso kwawo n'kusuzumira m'bwato muja. Ine ndinalikonza ndekha khadilo, ndipo ndikudziwa kuti munalibe china koma timadontho takuda ta inki. Koma iwo anayang'anabe. Nditacheuka ndinaona kuti manda onse aweramira m'zikhatho, abusa ndi masikauti omwe, aliyense akufunafuna chipewa.